Lipoti la kutha kwa nsomba za cod ku Newfoundland: mmene makoka odzaza anasocheretsera owerengera nsomba

Pa 2 Julaye 1992, nduna yoona za usodzi m'boma la Canada, a John Crosbie, analengeza mumzinda wa St. John's kuti usodzi wa nsomba za cod za kumpoto, m'madzi a kummawa kwa Newfoundland ndi Labrador, watsekedwa kwa zaka ziwiri. Anthu pafupifupi 30,000, asodzi pamodzi ndi ogwira ntchito m'mafakitale okonza nsomba, ntchito inawathera pomwepo, ndipo chiletso chimene ankati n'cha zaka ziwiri chinakhalapo zaka 32. Ife amene ntchito yathu ndi kuwerengera nsomba ndi kulangiza boma za mlingo woyenera kupha, nkhaniyi imatikhudza mwapadera, chifukwa Canada silinali dziko losowa akatswiri, zombo zofufuzira kapena malamulo. Zonsezo linali nazo, koma nsomba zinatha ziwerengero zikunena kuti zilipo. Lipotili likulondola mmene zimenezi zinachitikira, makamaka pa mfundo imodzi imene ndimaiona kuti ndi gwero la cholakwikacho, yoti kudzaza kwa khoka kunkatengedwa ngati umboni wa kuchuluka kwa nsomba m'nyanja.

Nsombayi ndi usodzi wake wakale

Cod ndi nsomba ya m'madzi ozizira imene imakonda kukhala pafupi ndi pansi pa nyanja. Imatha kukhala ndi moyo zaka zopitirira 20, ndipo yaikazi yaikulu imaikira mazira mamiliyoni angapo pa chaka, ngakhale kuti ndi ochepa kwambiri amene amafika pokhala nsomba zazikulu. Gulu la kumpoto, limene pa mapu a NAFO, bungwe la maiko loona za usodzi kumpoto chakumadzulo kwa nyanja ya Atlantic, limapezeka m'zigawo za 2J, 3K ndi 3L, limakula pang'onopang'ono chifukwa cha kuzizira, moti yaikazi inkayamba kuswana itakwanitsa zaka 6 kapena kuposerapo. M'nyengo yachisanu nsombazi zimasonkhana m'magulu aakulu kutali ndi mtunda, pamene pansi pa nyanja pamayambira kutsetsereka kulowa kwakuya, ndipo zimaswana chisanu chikamatha. Kukayamba kufunda, zina mwa izo zimalondola tinsomba ta capelin timene timabwera kudzaikira mazira m'magombe mu Juni ndi Julaye.

Kayendedwe kameneka ndi kamene kanateteza nsombazi kwa zaka pafupifupi 450, kuchokera mu 1497, pamene woyenda panyanja John Cabot anafika kuderali kuchokera ku England. Asodzi a m'mabwato ang'onoang'ono ankapha ndi mbedza, ndipo kenako ndi misampha ya ukonde yotchera pafupi ndi gombe, koma ankangopeza nsomba zokhazo zimene zabwera zokha kumtunda, kwa miyezi yochepa pa chaka. Kumene nsomba zinkaswanira kunali kutali, kwakuya, ndiponso kotchingidwa ndi madzi oundana. Panalibe amene analamula kuti kumeneko kusaphedwe nsomba; kunkangokhala kosafikika. Motero kwa zaka zambiri za m'ma 1800 mpaka cha m'ma 1950, pankaphedwa matani apakati pa 200,000 ndi 300,000 pa chaka, nsomba osatha.

Kubwera kwa zombo zamafakitale

Mu 1954 chombo cha ku Britain chotchedwa Fairtry chinayamba ntchito. Chinkakoka khoka chakumbuyo, n'kumakonza ndi kuumitsa nsomba mufiriji momwemo, moti chinkatha kukhala panyanja milungu yambiri osabwerera kudoko. Soviet Union ndi maiko ena a ku Ulaya anapanga zombo za mtundu womwewo, ndipo pofika m'ma 1960 zinali zitadzaza pa Grand Banks, dera la madzi osaya kwambiri kummwera chakummawa kwa Newfoundland, ndi ku Labrador, zikupha nsomba m'nyengo yachisanu pamalo enieni oswanira. Mu 1968 panaphedwa matani pafupifupi 810,000. Akatswiri a mbiri ya usodziwu anawerengera kuti matani 8 miliyoni amene anaphedwa pakati pa 1647 ndi 1750, zombozi zinapha ofanana nawo m'zaka 15 zokha. Bungwe la maiko loona za usodzi m'derali, la ICNAF, limene linakhazikitsidwa mu 1949, linachedwa kuika milingo, ndipo itaikidwa inali yokwera kwambiri moti sinkaletsa aliyense kanthu. Pofika mu 1978, nsomba zophedwa zinali zitatsika kufika pansi pa matani 150,000.

Pa 1 Januwale 1977 Canada inafutukula malire ake a usodzi kufika mamailosi 200 a panyanja, omwe ndi makilomita pafupifupi 370, ndipo zombo zachilendo zinangotsala ndi timbali tiwiri ta Grand Banks totulukira kunja kwa malirewo, pamodzi ndi dera lina la chakummawa lotchedwa Flemish Cap. Apa panali mwayi wopumitsa nyanja. Koma popeza aliyense ankakhulupirira kuti olakwa anali alendo okha, dziko linathamangira kudzaza malo amene iwo anasiya. Boma linathandiza kumanga zombo ndi mafakitale, ndipo komiti yotsogozedwa ndi a Michael Kirby mu 1982 inakonza tsogolo la usodzi poganiza kuti pofika mu 1987 mlingo udzakhala utafika matani 400,000. Ngongole zinatengedwa ndipo anthu analembedwa ntchito potsamira pa nsomba zimene zinali zisanabadwe n'komwe.

Kumene kawerengedwe kanaphonya

Lamulo limene Canada inasankha linali labwino papepala: kupha pafupifupi nsomba imodzi pa zisanu zilizonse za msinkhu wophedwa pa chaka. Koma gawo limodzi pa magawo asanu limakhala ndi tanthauzo pokhapokha ngati chiwerengero chonse chikudziwika, ndipo palibe munthu amene amaona nsomba zonse za m'nyanja. Chimene timachita n'chakuti timatenga nsomba zina pa zimene zaphedwa, n'kutsegula mutu, n'kuchotsamo timiyala tiwiri toyera ta m'khutu, timene tikadulidwa pakati n'kuikidwa pa makina okuza zinthu timaonetsa mizere, mzere umodzi chaka chimodzi. Tikadziwa msinkhu wa nsomba zophedwa chaka ndi chaka, timawerengera chobwerera m'mbuyo kuti mbadwo wa chaka chakutichakuti unali waukulu bwanji poyamba. Njirayi ndi yolondola ndithu pa mibadwo yakale imene yaphedwa kale pafupifupi yonse, koma ndi yofooka pa zaka zaposachedwa, zimene ndi zomwe nduna ikufuna kudziwa poika mlingo wa chaka chamawa. Kuti zaka zaposachedwazo zidziwike, pamafunika chizindikiro china chosonyeza ngati nsomba zikuchuluka kapena zikuchepa.

Akatswiri a nthambi ya boma yoona za usodzi anali ndi zizindikiro ziwiri. Choyamba chinali kafukufuku wa chombo cha boma, chimene chaka chilichonse chinkakoka khoka lofanana, kwa nthawi yofanana, pamalo osankhidwa mwamaere m'dera lonse, kaya pali nsomba kapena palibe. Chachiwiri chinali kuchuluka kwa nsomba zimene zombo zamalonda zinkagwira pa ola limodzi lokoka khoka. M'zaka za m'ma 1980 ziwirizi zinayamba kusiyana: kafukufuku ankasonyeza kuti nsomba sizikuchuluka kwenikweni, pamene zombo zamalonda zinkasonyeza kuti zikuchuluka kwambiri. Akatswiri anagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ndipo chiwerengero chotulukapo chinakokedwa m'mwamba.

Vuto la chizindikiro chachiwiricho n'lakuti kapitawo wa chombo chamalonda sakoka khoka mwamaere. Ntchito yake ndi kupeza nsomba, ndipo chaka chilichonse ankazipeza mwaluso kuposa chaka chapitacho, popeza makina oonera nsomba pansi pa madzi, makina olozera malo, injini ndi makoka zonse zinkapita patsogolo. Ola limodzi la 1988 silinali lofanana ndi ola limodzi la 1978. Kuwonjezera apo, cod ikamachepa simwazikana mofanana m'nyanja monse. Zotsalazo zimaunjikana pamalo ochepa, ndipo pamalo amenewo zimakhala zothithikana ngati kale kapena kuposa. Zili ngati munthu wotunga madzi pakatikati pa dziwe limene likuphwa: chidebe chake chimadzaza bwinobwino mpaka masiku omaliza, ngakhale kuti m'mbali monse mwauma. A George Rose ndi a David Kulka anasonyeza pambuyo pake, mu 1999, kuti nsomba zogwidwa pa ola zinkakwera pamene nsomba za m'nyanja zinkatsika.

Panalinso nsomba zimene zinkafa koma osalembedwa. Pamene chombo chili ndi mlingo wake ndipo nsomba zazikulu ndi zimene zili ndi mtengo, pamakhala chiyeso chotaya zing'onozing'ono m'madzi zitafa kale, n'kusunga malo a zazikulu. Nsomba yotayidwa siilowa m'kaundula, choncho owerengera amaiona ngati ikadali moyo ndipo idzaswana. Zotsatira za zonsezi zinkaoneka chaka ndi chaka: akawerengeranso zaka zapitazo ndi umboni watsopano, ankapeza kuti nsomba zinali zochepa kuposa mmene ananenera pa nthawiyo. Cholakwika chikamagwera mbali imodzi chaka chilichonse sichikhalanso changozi, ndipo kwa ine ichi chinali chizindikiro chokwanira chotsitsira mlingo ngakhale chifukwa chake chisanadziwike.

Machenjezo ndi mayankho ake

Oyamba kudandaula anali asodzi a kugombe. Iwo ankaona kuti akutchera maukonde ambiri kuposa kale, akuchepetsa maso a ukonde, akupita kutali, koma akupha nsomba zochepa ndiponso zing'onozing'ono. Ankayankhidwa kuti madzi ozizira ndi amene akulepheretsa nsomba kufika kugombe, ndipo zimene ankanenazo sizinkalowa m'kawerengedwe chifukwa sizinali m'manambala. Mu 1986 bungwe lawo, la Newfoundland Inshore Fisheries Association, linapempha akatswiri atatu a pa Memorial University, a Derek Keats, a Don Steele ndi a John Green, kuti aunikenso ziwerengero za boma, ndipo anapeza kuti nsomba zakhala zikuwerengeredwa mopitirira. Boma silinasinthe kwenikweni. Mu 1988 mlingo unali matani 266,000.

Mu 1989 akatswiri a boma omwewo, atasintha njira yowerengera, anavomereza kuti nsomba ndi zochepa kwambiri, ndipo analangiza kuti mlingo utsike kufika matani 125,000. Nduna ya nthawiyo, a Tom Siddon, anaika matani 235,000, poopa kuti mafakitale atsekedwa ndipo midzi yathunthu isowa chochita. Komiti yoima payokha ya a Leslie Harris inapereka lipoti lake mu 1990, n'kutsimikiza kuti nsomba zinkaphedwa pa liwiro lopitirira kuwirikiza kawiri limene lamulo linkafuna. Mlingo unatsikabe pang'onopang'ono, kufika cha m'ma 190,000, ndipo kumayambiriro kwa 1992 unadulidwa kufika 120,000, pamene zombo zinali zitayamba kale kulephera kupeza nsomba zokwanira mlingowo.

Nkhawa ya nduna sinali yabodza, ndipo amene amaweruza nkhaniyi atakhala patali amaiwala kuti m'midzi yambiri ya kugombe munalibe ntchito ina. Komabe tikayang'ana masamu ake, kudula mlingo ndi theka mu 1989 kukanachotsa ntchito anthu ena kwa zaka zingapo, pamene kuchedwa kwa zaka zitatu kunachotsa ntchito onse kwa mbadwo wathunthu. Kukayikitsa kwa ziwerengero kunagwiritsidwa ntchito ngati chifukwa choperekera mlingo wokwera, pamene kukanayenera kukhala chifukwa choutsitsira.

Chiletso ndi zimene zinatsatira

Chithandizo choyamba chimene boma linalengeza chinali madola 225 a ku Canada pa sabata kwa munthu aliyense, ndipo anthu atakwiya chinakwezedwa. Mu 1994 panabwera ndondomeko ina ya madola 1.9 biliyoni, yolipira anthu, kuwaphunzitsa ntchito zina ndi kugula ziphaso za usodzi. Kalembera wa 1991 anapeza anthu pafupifupi 568,000 m'chigawo cha Newfoundland ndi Labrador, ndipo wa 2001 anapeza pafupifupi 513,000. Nkhanu ya snow crab ndi tizamoyo ta chigoba totchedwa shrimp, zimene cod inkadya, zinachuluka, ndipo ndalama zochokera m'usodzi zinabwerera, koma zinalowa m'manja mwa anthu ochepa okhala ndi mabwato aakulu. Kunja kwa malire mkangano unapitirira, mpaka mu Malichi 1995 Canada inagwira chombo cha ku Spain, Estai, chimene chinkapha nsomba za turbot, ndipo chaka chomwecho bungwe la United Nations linamaliza pangano la nsomba zodutsa malire a maiko.

Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti nsomba sizinabwerere. Mu 2003 komiti ya Canada yoona za zamoyo zimene zili pangozi inati gululi latsika ndi 99 peresenti poyerekeza ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960. A Jeffrey Hutchings ndi a Ransom Myers anasonyeza mu 1994 kuti kupha mopitirira muyeso n'kokwanira kufotokoza kugwako, koma kuchedwa kubwerera kunali ndi zifukwa zingapo zolukanalukana. Madzi anazizira modabwitsa cha mu 1991, ndipo nthawi yomweyo capelin, chakudya chachikulu cha cod, inagwa ndipo mpaka lero sinabwerere mwakale. Nsomba zikuluzikulu, zimene zimaikira mazira ambiri ndi amphamvu kwa nthawi yaitali, zinali zitatha, ndipo zazikazi zotsalazo zinayamba kuswana zili ndi zaka 5 m'malo mwa 6, zili zazing'ono. Asodzi ambiri amaloza chala nyama za m'nyanja zodya nsomba zotchedwa harp seal, zimene zinachulukadi, ngakhale kuti kafukufuku wambiri amaika kusowa kwa capelin patsogolo. Kuphanso sikunaleke kotheratu: usodzi wa kugombe unatsegulidwa pang'ono mu 1998, n'kutsekedwanso mu 2003 nsomba zitayambanso kuchepa, ndipo unabwerera mochepa mu 2006. Chinthu chimodzi chabwino chimene chinachokera m'nthawiyi ndi kafukufuku amene anayamba mu 1995, pamene asodzi a kugombe amatchera zida zofanana pamalo okhazikika chaka chilichonse, ndipo zimene apeza zimalowa m'kawerengedwe. Ndi umboni womwe uja unkakanidwa mu 1986, koma tsopano wolembedwa.

Poyerekeza ndi nyanja ya Barents

Cod ya ku nyanja ya Barents, imene Norway ndi Russia amayang'anira limodzi kudzera mu komiti imene anapangana mu 1975, nayonso inafika pangozi kumapeto kwa m'ma 1980 capelin ya kumeneko itagwa. Kusiyana kwake kunali liwiro la kuchitapo kanthu. Mlingo wa 1990 unadulidwa kufika matani 160,000, ngakhale kuti midzi ya kumpoto kwa Norway inavutika nazo kwambiri. Norway inali italetsa kale kutaya cod m'madzi mu 1987, inkatseka malo amene mwapezeka nsomba zing'onozing'ono zambiri, ndipo inalamula kuti m'makoka a shrimp muikidwe chitsulo cha mipata chimene chimalola shrimp kudutsa n'kukankhira nsomba kunja. Patapita nthawi maiko awiriwa anagwirizana lamulo lonena pasadakhale mmene mlingo uzitsikira nsomba zoswana zikachepa, kuti nkhaniyo isamakambidwenso mwatsopano chaka chilichonse pansi pa chikakamizo cha ndale. Mu 2013 mlingo unafika matani 1 miliyoni. N'zoona kuti madzi a ku Barents anali ofundirapo ndipo panabadwa mibadwo yamphamvu, choncho si zonse zimene tingazitamandire oyang'anira. M'zaka zaposachedwa mlingo wa kumeneko wakhala ukudulidwanso kwambiri. Koma kudula msanga kunasiya nsomba zoswana zokwanira kuti nyengo yabwino itabwera ikhale ndi poyambira.

Kodi ulimi wa nsomba ukanatseka mpatawu?

Funsoli limabwera nthawi zonse, makamaka tsopano pamene FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linanena kuti mu 2022 zamoyo za m'madzi zoweta zinaposa zogwidwa kutchire kwa nthawi yoyamba, komanso kuti magulu a nsomba za m'nyanja ophedwa mopitirira muyeso anakwera kuchoka pa 10 peresenti mu 1974 kufika pa 37.7 peresenti mu 2021. Pa cod yankho lakhala lokhumudwitsa. Norway inaweta cod m'makola a ukonde oyandama mpaka kufika matani pafupifupi 20,000 cha mu 2010, kenako ulimiwo unagwa, chifukwa nsombayi imaluma ukonde n'kuthawa, imayamba kuswana isanafike msinkhu wogulitsa, imagwidwa matenda, ndiponso mtengo unatsika cod ya kutchire itachuluka. Ku Newfoundland ulimi umene unakula ndi wa salmon, kugombe la kummwera, ndipo nawonso uli ndi mavuto ake: mu 2019 nsomba pafupifupi 2.6 miliyoni zinafa m'makola ku Fortune Bay madzi atatentha kwa nthawi yaitali. Palinso mfundo yoti nsomba zodya zinzake zimadyetsedwa chakudya chokhala ndi ufa ndi mafuta a tinsomba ta kutchire, ndipo capelin ili m'gulu la tinsomba timene timagayidwa motero kumpoto kwa Atlantic. Ulimi umene suchotsera nyanja kanthu ndi wa zamoyo zosefa chakudya chawo m'madzi, monga nkhono za mussel zimene zimawetedwanso ku Newfoundland, kapena wa nsomba zodya zomera. Umenewu umabweretsa ntchito, koma subwezeretsa cod.

Kutsegulidwanso kwa 2024

Pa 26 Juni 2024 nduna, mayi Diane Lebouthillier, analengeza kuti chiletso chatha, ndipo anaika mlingo wa matani 18,000, umene sukwana ngakhale 3 peresenti ya nsomba zimene zinaphedwa mu 1968. Maziko a chigamulochi ayenera kumveka bwino. Mu 2023 akatswiri anakonzanso njira yowerengera, n'kulowetsamo umboni wobwerera mpaka 1954 komanso wa capelin, ndipo malire osonyeza kuti gulu la nsomba lili pangozi yaikulu anatsitsidwa. Cod inatuluka m'gulu la zangozi chifukwa malirewo anasuntha, pamene kuchuluka kwake kunali kutaima pamodzimodzi kwa zaka zingapo. Kusinthako kungakhale kolondola mwa sayansi, ndipo sindikukutsutsa, koma sikutanthauza kuti m'madzi mwawonjezeka nsomba.

Gawo lalikulu la mlingowu linapita kwa asodzi a kugombe ndi kwa anthu a mitundu yoyambirira ya m'derali, koma gawo laling'ono linaperekedwa kwa zombo zazikulu za kutali, ndipo bungwe la asodzi la FFAW linatsutsa mwamphamvu, likukumbutsa lonjezo la boma lakuti matani 115,000 oyamba adzakhala a kugombe. Pa mkangano wa kagawidwe sindiikapo mlomo, chifukwa ndi wa andale ndi eni dera. Pa mbali ya kawerengedwe, malangizo anga ndi akuti nsomba zimene zombo zazikuluzo zizigwira pa ola zisaloledwe kukhala chizindikiro cha kuchuluka kwa gululi, kuti pa chombo chilichonse chotere pakhale woyang'anira kapena kamera yolemba nsomba zotayidwa, kuti malo osonkhanira nsomba zoswana atsekedwe m'miyezi yachisanu, ndiponso kuti mlingo wa cod usakwezedwe m'chaka chimene kafukufuku wa capelin wasonyeza kutsika.